Galu wa Apongozi Ndinamuwononga Ndine

Zaka zimenezo ndinkaphikira ansembe kumishoni, ndili mkamwini watsopano kufupi ndi Namitete. Wansembe wina ankakonda kukanda galu wake kuseri kwa makutu, ine n'kumaseka chamumtima. Kwathu kuno galu ndi wa uzimba, sasisitidwa ngati khanda.

Tsiku lina kuseri kwa nkhokwe ndinayesa pa Lipenga, galu wolusa wa apongozi anga aamuna. Kamodzi kokha! Chabwino, kangapo.

Ndinaziputa. M'mawa wa uzimba, amuna atasonkhana ndi mauta ndi zibonga, Lipenga anasiya agalu anzake n'kudzagona chagada pamapazi panga, miyendo m'mwamba.

"Kodi akamwini, galuyu mwamutani?" anafunsa apongozi ali chapatali.

"Ine ayi. Kapena wina wamulodza," ndinatero, ine Mkhristu wa kolona m'khosi.

Apongozi anapita naye kwa sing'anga, akamuthire mankhwala olusitsa m'mphuno. Cholipira chinali tambala wanga wofiira, poti mkamwini sakana.

Madzulo chitsiru cha galucho chinabwera chikuyetsemula, n'kudzagonanso chagada pamapazi panga. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikanenso, koma apongozi ankangoyang'ana dzanja langa. Linali litafika kale kuseri kwa khutu.