Dzina la Che Asani pa chogwirira cha mjigo

Nditabwerako ku Leeds, kutsidya la nyanja, mu Ogasiti wa 2006, ndinapeza amalume anga, Che Asani, ataikiridwa malire ndi akazi awo. Azakhali Asma anandiuza nkhaniyo ndisanavule n'komwe jekete: mvula yoyamba ikagwa amalume asanapeze ntchito yooneka, bokosi lawo la zitsulo ligulitsidwa, awiriwo akwere basi ya ku Malawi. Wogula analipo kale. Anali Obed, mkulu wa kagulu ka makorokoza, anthu okumba golide m'maenje akale, ndipo anali atabwera kawiri kudzasisita masipanala aja ngati akusankha mbuzi.

Ku Malawi amalume anali asanapondeko. Anabadwira m'komboni ya mgodi ku Eiffel Flats, bambo awo atachokera ku Machinga wapansi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri anazithera pansi pa nthaka, akusamala mapampu otulutsa madzi mumgodi. Mgodi utatsekedwa anatuluka ndi bokosi lobiriwiralo, khutu limodzi losamva bwino, ndi chizolowezi chotukwana bawuti yokanika m'Chilapalapa, chiyankhulo cha kumigodi chija. Minda ya azungu itagawidwa iwo sanapateko. Ankati anthu a mtundu wathu saitanidwa pogawa nthaka, amaitanidwa chinthu chikathyoka.

Ine ndine mwana wa mlongo wawo. Ku Rimuka, kwa mayi anga, sindinkakhazikika. Ndinali ndi satifiketi ya kutsatsa malonda m'chikwama, ndipo paliponse ndinkaona zolakwika: zikwangwani zosuluka, ogulitsa osadziwa kuitana anthu, mashopu opanda kanthu koma otsegula. Nditamva kuti amalume akufuna kumakonza mijigo ya m'minda yatsopano, ndinati ntchito yanga ndi imeneyi.

"Amalume, vuto lanu ndi limodzi basi. Anthu sakudziwani."

"Ndi zoona zimenezo, mzungu wanga."

"Tisindikize mapepala. Tiike chikwangwani pamsewu wa ku Chegutu. Tigulitse mbuzi ili kuseriyo, ikwanira zonse."

Anandiyang'ana atapendeketsa mutu, khutu labwino lili kwa ine. "Tafadzwa, pamsewu wa ku Chegutu pamadutsa ndani?"

"Aliyense."

"Aliyense ali ndi mjigo wakufa?"

Mbuzi anaikaniza. Anati ngati ndikufuna kuwotcha chuma ndiwotche changa. Ndinaseka, ndinagulitsa nsapato zanga za ku Leeds, ndinakwera kombi mpaka ku Chegutu kwa munthu wina amene anali ndi makina osindikizira kuseri kwa nyumba. Pepala labwino kunalibe. Anandisindikizira pa kapepala kopyapyala, kofewa, konga ka nyuzi. Ndinalemba m'Chingerezi chosalala, ndinaikapo nambala ya foni ya mayi anga poti amalume analibe foni.

Mapepalawo anatha m'mawa umodzi. Pamsika wa ku Rimuka anthu ankachita kulimbirana, ena kupempha atatu, ena asanu. Ndinafika kwa amalume ndikuyenda ngati mwini tawuni. Tsiku lotsatira anandituma kugolosale ya pakomboni, ndipo pakhonde ndinapeza anyamata a Obed atakhala pamzere. Wina anatulutsa pepala langa m'thumba, analing'amba bwinobwino pakati pa dzina la amalume, anathirapo fodya, ananyambita m'mphepete.

"Mudhara, abwera liti ena?" anandifunsa. "Awa ndiye amayaka bwino, sakhala ndi fungo."

Foni ya mayi inalira kamodzi kokha m'masabata awiri. Anali munthu wofunsa ngati tikugulitsa shuga.

Amalume sanandiseke, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kusekedwa. Lolemba lina m'mamawa, atachoka kopemphera, anamangirira bokosi pakaliyala ya njinga, anandibwerekera njinga ina kwa neba, anati tiye ukaone maofesi anga. Tinalowera cha ku Muzvezve. Sankayang'ana nyumba kapena zikwangwani za mapulazi akale. Maso awo anali pansi, pa mizere ya mawilibala m'fumbi. Pena ankatsika kuiyang'anitsitsa.

"Uyu wapita wopepuka, wabwera wolemera. Waona madontho awa? Madzi. Tiwatsatire komwe akuchokera, kenako komwe akupita."

Madziwo ankachokera kumtsinje, ku zithaphwi zamatope zimene makorokoza anasiya. Titatembenuka kutsatira mzere wolemera, tinapeza amayi asanu ndi zigubu, ndipo tinayenda nawo mpaka anadutsa mjigo wina osauyang'ana n'komwe. Udzu unali utamera m'ngalande yake.

"Ndi uyo kasitomala," amalume anatero. "Munthu sadutsa mjigo ndi chigubu pamutu chifukwa chokonda kuyenda."

Mudziwo unali watsopano, nyumba za mitengo ndi udzu m'munda umene kale unali wa thonje. Anatiitanira wapampando wawo, bambo Zefaniya, munthu wamtali wovala ovolosi yong'ambika m'maondo. Anayang'ana chisoti choyera cha amalume, anamva Chishona chawo chopendekera, nkhope inauma.

"Mabwidi mwayambanso? Chaka chatha anabwera wina, anazula ndodo zitatu za mjigowu, ati akukawongola ku Kadoma. Mpaka lero akuwongolabe."

Mawu akuti mabwidi ndi amene amatinyoza nawo ife a makolo a ku Malawi. Ine ndinafuna kuwabwezera mawu bambowo. Amalume anangogwira chogwirira cha mjigo, anachikweza, anachitsitsa, khutu labwino atalitsamiritsa pa chitsulo.

"Ndodo zotsalazo zikufikabe pamadzi," anatero. "Chafa ndi chikopa chapansi chimene chimakoka madzi. Ndipatseni anthu anayi amphamvu, muone ndi maso anu."

Amuna anaima chapatali manja m'thumba. Amene anabwera ndi amayi aja, motsogozedwa ndi mayi Rufaro, wamfupi, wa mawu omveka patali ngati belu la sukulu, amene anati iye watopa kumwa madzi otsukira golide. Tinazula ndodo imodzi ndi imodzi, amalume akumasula ndi bobojani, sipanala yawo yaikulu ija, akuitukwana bawuti iliyonse mpaka amayiwo anayamba kuwayeserera. Pansi penipeni panatuluka zikopa ziwiri zodyeka, zopyapyala ngati khutu la mleme. Amalume anazipereka m'manja mwa bambo Zefaniya.

"Zatsopano ndikadula kunyumba. Ziyenera kugona m'mafuta masiku awiri. Ndibwera Lachinayi."

"Ndi mmene ananenera mnzanu uja."

Amalume anamasula bokosi panjinga, analinyamula, anakaliika pamapazi a mayi Rufaro.

"Mayi, ili ndi lomwe ndili nalo. Ndikapanda kubwera Lachinayi, ndi lanu."

Panjira ndinawauza kuti apenga. Kunyumba azakhali ananena zoposa pamenepo.

"Bambo a Azizi, tikiti yathu mwakaisiya kwa anthu amene akutchulani mabwidi? Mwana wathu ali ku Joni sakutumiza kanthu, inu n'kumagawa zitsulo m'tchire?"

"Sindinagawe, mayi a Azizi. Ndasungitsa."

"Kwa ndani? Mayi mwamusungitsayo, dzina la bambo wake mukulidziwa?"

"Ndikudziwa kuti ali ndi ludzu."

Anakhala pakhonde ndi kampeni, akudula zikopa kuchokera ku lamba wakale wa kumgodi, wochindikala ngati chala. Anaziumba pa kachipika kamtengo, anazimiza m'chitini cha mafuta. Masiku awiriwo azakhali anawaikira sadza, nsima ya kuno, patebulo osayankhula.

Lachinayi tinapeza bokosi lili m'nyumba mwa mayi Rufaro, pansi pa bedi, atalifunditsa nsalu. Anati amuna awiri anabwera kudzalibwereka, iye anawathamangitsa ndi mthiko. Dzuwa lisanafike pamutu madzi anatuluka, oyamba ofiira ndi dzimbiri, kenako oyera. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Bambo Zefaniya anamwa m'manja, anapukuta pakamwa, anati, "Sekuru, mwagona," kutanthauza kuti agogo, mwachita bwino. Kuchokera pa bwidi kufika pa sekuru panangotenga ndowa imodzi.

Amalume anamuonetsa mayi Rufaro popaka girizi ndi mabawuti oyenera kumangitsa Loweruka lililonse. Ndinawanong'oneza kuti akudzipha okha, chifukwa mjigo wosafa suitana fitala woukonza. Anati ndidikire. Pansi pa bokosi anatulutsa kathumba ka zidindo zachitsulo, zija ankalembera manambala pa mapampu a kumgodi. Anasankha zilembo, anagwada, anayamba kukhoma ndi hamala pa chogwirira, pamwamba pang'ono pa pomwe manja amagwira. ASANI. EIFFEL FLATS. NYUMBA 41.

"Tsopano ndiuze, mzungu wanga. Mjigo wa mudzi winawo ukafa, anthu ake amakatunga kuti?"

Ndinayang'ana chogwiriracho. "Pano."

"Amaima nthawi yaitali bwanji pamzere?"

"Maola."

"Ndipo akafika amagwira pati? Chitsulo ichi sungachipichire fodya."

Malipiro anali ndowa ziwiri za chimanga ndi nkhuku. Azakhali anazilandira, anayeza chimanga m'manja, anati ntchito imodzi si ntchito, ndi mwayi. Mawu awo sanawabweze.

Panadutsa masabata atatu popanda munthu. Okutobala anatentha mpaka malata ankalira okha. Mitambo inayamba kusonkhana masana n'kubalalika madzulo. Azakhali anatsitsa masutikesi pamwamba pa kabati, anawapukuta fumbi, anayamba kupinda nsalu. Ine ndinayambiranso nyimbo yanga ya chikwangwani, ndinati mbuzi ija ikanalipo, mwina tiyese wailesi. Amalume ankangodula zikopa. Chitini chinadzaza, anatenga china.

"Zonsezi za ndani?" ndinafunsa.

"Mijigo ya chigawo chino inakumbidwa nthawi imodzi, ndipo chiyambire chipwirikiti cha minda palibe amene anaitsegula. Zikopa zimakalamba pamodzi ngati anthu a chinamwali chimodzi. Chilimwe chino zikutha zonse. Amene angachedwe ndi ine, osati zikopazo."

Ankayankhula ngati akunena kuti mawa ndi Lachitatu. Koma ndinawaona tsiku lina ataima kuseri kwa nyumba, akuyang'ana kumwamba nthawi yaitali.

Ngolo yoyamba inafika Lachiwiri, yokokedwa ndi abulu. Munali amayi awiri, wina atalemba nambala ya nyumba pa mkono ndi khala kuti asaiwale. Anati akhala akutunga kwa mayi Rufaro masabata awiri, ndipo mayiyo anawauza kuti akapanda kukonzetsa wawo ayamba kuwatsekera ndi loko. Mawa lake kunabwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya m'shedi ya fodya. Lachisanu, pochokera kumzikiti, amalume anapeza munthu wa mbali ya ku Chegutu atakhala pakhonde. Iyeyu kwa mayi Rufaro anali asanafikeko. Dzinalo analimva kudibi, kosambitsa ng'ombe, kwa munthu amene analiwerenga pa chogwirira.

Mvula yoyamba inagwa Loweruka masana, yamphamvu, yonunkhira fumbi. Obed anafika isanakate n'komwe, atafunda pulasitiki, ndalama zili m'chikwama cha kusukulu. Ndinali pakhonde ndi azakhali, tikusuntha matumba a chimanga kuti asanyowe.

"Ambuya, mvula ndi iyi. Ndabwera kudzatenga katundu wanga."

Azakhali anawongoka, anapukuta manja pa chitenje. "Katundu wako uti?"

"Bokosi lija."

"Bokosi lili kuntchito, mwana wanga. Linanyamuka dzulo pa ngolo, mwini wake ali pamwamba pake ngati mkwatibwi. Libwera Lachiwiri, Lachitatu lipitanso."

Obed anakanda mutu. Anaima pamenepo madzi akumutsikira m'khosi, kenako anati pampu yawo yotulutsa madzi m'dzenje ikutsokomola, ndipo ndi mvulayi dzenje lidzaza. Kodi sekuru sangaione?

"Angaione," azakhali anatero. "Koma pali atatu patsogolo pako. Tafadzwa, iwe wa masatifiketi, mulembe pamzere."

Ndinalowa m'nyumba kukafuna polemba. M'thumba la jekete langa munali pepala limodzi lotsala mwa aja a ku Chegutu. Ndinalitembenuza, kuseri kunali koyera, ndinalemba mayina a anthu aja, la Obed pansi pa enawo. Potuluka ndinapeza azakhali atakwera pampando, sutikesi ili m'manja, akuibwezera pamwamba pa kabati.

"Gwira mpandowu," anatero, "usangoima ngati mlendo."