Khitchini ya Amake Fletcher Sinali Papepala

Amake Fletcher, dzina lawo lenileni Eveles, anabwera kuno ku Lifuwu ali mtsikana, kudzakwatiwa ndi a Anderson. Zaka makumi atatu akhala akulima mpunga mu sikimu yothirira, miyendo ili m'matope mpaka zidendene kung'ambika. Ine ndakula ndikuwaona poti mpanda wathu ndi umodzi, ndipo chisiyireni sukulu ndaona kuti za anthu ngati amenewa palibe amazilemba. Ndiye ndalemba ine.

Nyumba yawo yamalata anawamangira mwana wawo Fletcher, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Yemweyo ndiye anailembetsa ku inshuwalansi, nyumbayo ndi katundu wa m'katimo. Mayiwo ankangoseka. "Ati ikapsa atipatsa ina. Za m'tauni izi!" Khitchini yofolera udzu kuseri kuja palibe anaiganizira.

Mu Juni chaka chatha, atangomaliza kupuntha mpunga, a Anderson anamwalira. Matumba onse anali pabalaza, a chakudya ndi a mbewu omwe. Koma paja maliro amafuna malo, thupi ligone pabalaza, azimayi akhale mozungulira. Azibambo ananyamula zonse, matumba, mipando, ngakhale makina osokera, n'kukaunjika m'khitchini muja. Timatero tonse, palibe chachilendo.

Tsiku loika, masana, anthu ali kumanda, mwera unawomba. Ophika anali atasiya moto pamafuwa pafupi ndi khitchiniyo. Pobwerako anthu anapeza denga litagwera kale m'kati. Mpunga unafuka masiku awiri, fungo lake mudzi wonse.

Patapita milungu itatu Fletcher anabwera ndi bambo wa ku kampani ya inshuwalansi, a Enock. Anazungulira nyumba yonse, kujambula phulusa pa foni, kenako n'kukhala pa mpando wobwereka.

"Pepani ndi maliro, mayi. Koma nyumbayi sinapse."

"Wapsa ndi katundu wa m'nyumba," anatero Fletcher.

"Wapsera kuti, achimwene?"

"M'khitchini."

"Ndiye vuto lake limenelo. Pepala likuti nyumba yaikulu ndi zimene zili m'katimo. Khitchini, bafa, khola, chilichonse choima pachokha, chimalembedwa padera. Inu simunalembetse."

Amake Fletcher anamanganso mpango wawo wakuda. "Ndiye bambo, mumafuna malemu tiwagoneke pamwamba pa matumba?"

"Ayi mayi, sindikutero."

"Kapena tikanakankhira motowo ku nyumba yomwe, kuti ulendo wanu ukhale waphindu?"

Mayi wina anaseka pakhonde, n'kudzigwira pakamwa. A Enock anayang'ana pansi. Anati akayesa kulankhula ndi akuluakulu ku ofesi. Sindikuganiza kuti ankanama, koma kalata itabwera inanena zomwezo, m'Chingerezi. Mayiwo ndinawawerengera ndine, kawiri, chifukwa koyamba anati mwina ndalumpha mzere.

Dzinja linafika alibe mbewu, alibe feteleza. Fletcher maliro aja anali atamumaliza m'thumba, ndipo masiku ano sabwerabwera, akuti manyazi. Munda wa mu sikimu mayiwo anaubwereketsa kwa a Twaibu, ogula mpunga a ku Khombedza, kwa zaka zitatu.

Pano amake Fletcher amalawirira ndi azimayi ena kukawokera mpunga pa ganyu, m'munda wawo womwewo. A Twaibu ndi munthu waulemu. Pogawa mizere m'mawa amati, "Eni munda ayambe kusankha."  Mayiwo amangopinda chitenje n'kulowa m'matope.