Mlalang'amba wa Merv Kerslake

Merv Kerslake anakalambira pa mlalang'amba umodzi, limodzi mwa magulu akuluakulu a nyenyezi akutali kuthambo. Anzake a pamalo oyezera zakuthambo kunja kwa tauni ya Narrabri ankasintha ntchito, ena mpaka mabanja, koma iye kakaka ndi kamlalang'amba kake kopanda ndi dzina lomwe, nambala yokha basi.

Ntchito yake inali yoyeza liwiro limene mpweya umazungulira nalo m'kamlalang'ambako. Wa m'mphepete umathamanga kwambiri moti ukanayenera kumwazika kalekale, ndiye akatswiri amati pali chinthu chosaoneka choukoka. Mkangano unali pa kakhalidwe ka chinthucho. Ena ankati chinaunjikana pakati, ena ankati chinayalana. Merv ankafuna kuti asanapume pantchito, kamlalang'amba kake kagamule mlanduwu. Koma kanali kamakani. Akayesa za oyambawo, pakati pankagwirizana, m'mphepete ayi. Akayesa za enawo, zinkatembenuka. Kunyumba, mkazi wake Glenys analeka n'kufunsa komwe. Ankangomuikira nyama ya nkhosa patebulo, mwini wake n'kumajambula mizere mumsuzi ndi foloko mpaka chakudya kuzizira.

Tsiku lina pa tiyi wam'mawa, Narelle, mnzake wa pantchito, analowa ndi chithunzi chochokera ku makina atsopano.

"Mdala, ikani kaye kapuyo pansi."

"Kwagwanji? Ndapambana?"

"Ndi iwiri."

"Iwiri chiyani iwe?"

"Milalang'amba. Wina uli kutsogolo, wina kumbuyo, kutali zedi. Makina akale aja ankaiona ngati umodzi. Zaka zonsezi mwakhala mukuyeza pakati pa uwu ndi m'mphepete mwa uwo."

Merv anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Mutu unaima. Anafuna kukwiya koma wokwiyira sanamupeze, poti palibe anamunamiza. Panja zinkhwe zoyera zinkalongolola pamwamba pa madishi akuluakulu oyezera zakuthambo ngati zamva kale nkhaniyo. Kunena zoona, munthu wamkulu uja anamvetsa chisoni.

"Ndiye chosaoneka chija chinaunjikana kapena chinayalana?"

"Kaya, mdala. Tiyambirenso, wina payekha, wina payekha. Zitenga zaka."

"Ine ndikupuma Khirisimasi ino."

"Ndikudziwa."

Anakokera chithunzicho pafupi. Chala chake chinayendayenda pakati pa timadontho tiwiri totuwa, chikaima apa, n'kubwerera apo.

"Narelle," anatero motsitsa mawu, "nanga wanga ndi uti pamenepa?"