Chaka Chimene Ndinkathira Mchere

Kapu yanga inali yobiriwira, yapulasitiki, chogwirira chake chitasungunuka pang'ono chifukwa tsiku lina ndinaisiya pafupi ndi mbaula. Ndinkaimangirira kuchikwama ndi kachingwe, n'kumayenda nayo ikundigunda m'chiuno kuchokera kwathu ku Chinsapo mpaka kusukulu, kumene tinkalandira phala m'mawa. Ndinali sitandade folo. Inali nyengo yachisanu, ya mphepo youma ija yong'amba milomo, ndipo ine ndinali nditayamba kutsokomola.

Kuchipatala anati ndi TB. Anatipatsa mankhwala omwa miyezi ingapo, natiuza kuti pakatha masabata ochepa sindingapatsirenso munthu. Koma mawu oterewa amathera pageti la chipatala pomwepo. Nkhani inafika kusukulu ine ndisanafike.

Aphunzitsi athu, mayi wamtali amene ankakhala kuseri kwa nyumba yathu, sanandithamangitse ayi. Anangosanja njerwa pakhonde, pansi pa zenera. "Uzimvera pompano, pali mpweya wabwino." Amayi ophika phala ankandithirira chapatali, dzanja lili m'mwamba, kuti chikho chawo chisakhudze kapu yanga. Lero ndimati zinali nkhanza zenizeni, koma nthawi imeneyo ndinkangokhala ngati ndili m'tulo. Thupi linkatentha, mutu uli mbee. Mawu a anzanga oloweza masamu ankatuluka pazenera ngati kwaya ya kutsidya kwa mtsinje. Ndinkayang'ana majumbo akuuluka pabwalo, akhwangwala akutsetsereka pamalata, fumbi lofiira likuzungulira lokha popanda wolithamangitsa. Mankhwala aja ankafiiritsa mkodzo wanga ngati madzi a chidede, ndipo ndinkaona ngati ndili ndi chinsinsi chimene ana ena alibe.

Tsiku lina amayi anabwera kusukuluko atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Ndinali panjerwa panga, choncho ndinamva zonse.

"Adokotala ati sangapatsire anzake. Chonde mulowetseni mwanayu."

Aphunzitsi anatsitsa mawu. "Mayi, chifuwa ichi si chakuchipatala. Bambo ake ali ku Joni kalekale, nanga mwana wadulika bwanji? Konzani kaye za kunyumba kwanu."

Amayi anabwera pamene ndinakhala. Anandikonza kolala ya yunifolomu n'kubwerera.

Ndinali wamkulu kale pamene ndinamvetsa kuti mawu aja anali mlandu. Anthu amati mkazi akayenda ndi mwamuna wina n'kuthira mchere m'ndiwo, mwana wake amadulika: amatsokomola, amawonda, amatha ngati sopo. Amayi anga amene, ogulitsa tomato pamsika, oti dzuwa likamalowa ali kale m'nyumba! Mpaka lero zimandiwawa.

Pasanapite nthawi, azakhali, mlongo wawo wa abambo, anatulukira kuchokera kumudzi. Madzulo ake amayi akuphika mpiru, anatambasula dzanja kuti atenge mchere. Azakhali anawagwira pamkono. "Mlamu, usiyeni. Azithira mwanayu." Kuyambira pamenepo ndiwo zikamapsa ndinkamva dzina langa. Ndinkathamanga, n'kutapa mchere wa miyala uja, wozizira m'manja, n'kuwaza mumphika nthunzi ikundifunditsa kumaso. Ha, mmene ndinkanyadira! Kusukulu palibe ankafuna kukhudza ngakhale pensulo yanga, koma kunyumba aliyense ankadya za m'manja mwanga.

Abambo ankaimbabe foni, koma ankalankhula ndi azakhali okha. Amayi ankaima pakhomo kudikira kuti mwina awapatsira, foni n'kuduka. M'mawa mwake ankandidzutsa, kundimwetsa mapilisi, ndipo tsiku la kuchipatala ankandibereka kumsana ngakhale miyendo yanga inkafika m'maondo mwawo. Sanadumphitse ngakhale tsiku limodzi.

Mvula yoyamba itagwa, chifuwa chinali chitatha. Masaya anabwerera, aphunzitsi anandilowetsa m'kalasi ngati ndinangopita kukamwa madzi. Lamulungu lotsatira azakhali anandiimika pakati pa bwalo, anthu a nyumba zoyandikana nafe akuona, n'kunditembenuza uku ndi uku.

"Mwaona? Angosiya mchere, mwana wachira. Tikufunanso umboni wanji?"

Usiku usanagwe azakhali anali atawauza kale abambo pafoni, ndipo abambo sanabwerenso kwathu. Amayi anadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndikadzachira anthu adzatero. Ankadziwa m'mawa uliwonse pondipatsa mapilisi aja.

Koma ine pabwalo paja ndinangomva kuti akundiyamikira. Ndinathamangira kwa amayi, amene anali atakhala pamtondo nkhope ili pansi, n'kuwakoka chitenje ndikuseka.

"Amayi, mwamva? Ati mchere wanga ndi umene wandichiritsa!"