Mankhwala a nsomba za atate

Atate atapuma pa uphunzitsi anakumba dziwe la nsomba kudambo, kumunsi kwa nyumba yathu, cha ku msewu wa ku Mwami. Nsombazo ankazikonda kuposa ife ana awo. Sindikunama: zinkadya gaga m'mamawa ife tisanaone phala.

Chaka china zinayamba kutuluka zilonda zofiira m'nthiti. Zinkayandama chagada, kukamwa kuli yasa, ngati ana amene aiwala yankho m'kalasi. M'mawa uliwonse tinkavuula zakufa. Mphaka wathu, yemwe anadyapo kandulo, anazinunkhiza n'kusamukira kwa aneba.

Mlangizi wa nsomba anabwera, nati ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mankhwala analibe. Anangoti anamvapo kuti ndere za m'nyanja yamchere ukazinyika, madzi ake amapha tizilomboto. Ku Chipata kuno nyanja yamchere tinkangoiona pa mapu.

Mwayi wake, amalume ankayendetsa thiraki mpaka ku Beira, kunyanja yamchere. Atate anawachonderera kuti abweretse nderezo, kenako tinayamba kudikira, nsomba zikutha. Amalume anafika ine ndi atate tili m'tauni. Anasiya kathumba pakhonde n'kupitirira ku Lusaka osazimitsa n'komwe injini.

Titabwerako tinapeza ndiwo zotendera, zoterera ngati therere koma zolimba ngati chubu cha njinga. Ndikulumbira, nsagwada yanga imalirabe mpaka lero.

“Amake ana, mfutso wanji umenewu?” anafunsa atate.

“Wabwera ndi alamu anu. Anthu a ku Beira sadziwa kufutsa masamba, mchenga wokhawokha. Ndavutika kutsuka.”

“Madzi otsukirawo ali kuti?”

“Ndathira pamtengo wa mango.”

“Zatsalako zosaphika?”

“Ndagawira amayi abusa. Tikanadya tokha zachilendo?”

Atate sanakalipe. Anasamba m'manja, ananyamula mphika, ine pambuyo, mpaka kudziwe. Anakokotera zonse m'madzimo, nsinjiro ndi tomato yemwe. Tinaima pamenepo tikuyang'ana mafuta akuyandama. Nsomba imodzi inabwera, inalawa, inatembenuka.

Mwezi usanathe dziwe linatsala la achule. Kaya nderezo zikanathandiza, palibe akudziwa, ndipo amalume, abwana awo anawasinthira ku msewu wa ku Kitwe. Atate ankapitabe kudambo m'mamawa ndi chitini cha gaga, n'kubwera nacho chodzaza.

Pakhomo pathu palibe anatuluka chilonda chaka chimenecho, ngakhale kwa abusa. Amayi ankati atchule zimenezi pofuna kuwatonthoza, atate ankangonyamuka kupita panja.