Mphika wa Amayi Amasiye

Haradhan Maity wafika ku Delhi maulendo khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo ulendo uliwonse woyendetsa basi ndinali ine. Koma mukamufunsa kuti Delhi ndi wotani, chomwe akudziwa bwino ndi mpopi wa kuseri kwa nyumba ya alendo, uja wongodontha madzi.

Anthu akwathu ku Bankura amakonda kukaona malo, koma mimba zawo sizikonda ulendo. Akadya za eni dziko masiku awiri amayamba kulira mpunga ndi nsomba. N'chifukwa chake basi ya abwana Sanyal imayenda ndi wophika wake, mapoto ndi matumba a mpunga pamwamba. Tikafika mumzinda ndimatsitsa wophika ndi katundu wake pabwalo, n'kutenga alendo kukaona zokaonazo. Haradhan, wophika wathuyo, ankatsala ndi anyezi. Alendo akabwerako n'kumasimba za Qutub, nsanja yakale ya miyala yofiira ija, iye ankatchera khutu uku akugawa ndiwo, n'kukamusimbira mwana wake Tuki ngati wakwerapo.

Chaka chatha maso ake anayamba kuchita mdima kuchokera m'mbali. Adokotala sanabise: mankhwala angochedwetsa, koma pofika chaka china sadzaonanso. Abwana anamupumitsa ntchito. Mu Malichi, chisanu cha kwathu chitatha, dzuwa lisanayambe kulusa, anabwera ku ofesi n'kugula mipando iwiri, wake ndi wa mkazi wake Jharna. Ankafuna kuiona nsanjayo maso akadalipo.

"Mwati mukwera ngati mlendo, achimwene?" ndinamuseka. "Mukaima pamzere ndi kambale?"

"Iwe yendetsa basi. Ukandilowetsa m'dzenje ndikakunenera kwa abwana ngati anzanga onse."

Anavala malaya oyera atsopano. Masiku atatu panjira sanayandikire poto, ankangonunkhiza ndiwo n'kupukusa mutu.

Ku Delhi timakhala tsiku limodzi. M'mawa ndinawazungulitsa m'misewu, mitengo ili psuu ndi maluwa, ena akugwera pagalasi. Masana tinabwerera pabwalo kukadya, nsanja tinaisungira kumadzulo.

M'basimo munali amayi amasiye asanu ndi mmodzi. Amasiye achikulire akwathu sadya nsomba, anyezi kapena adyo, ndipo mpunga amadya kamodzi patsiku, wa mumphika wawowawo. Wophika watsopano, Bimal, bambo wa ndevu zake koma wozolowera za m'malesitilanti, anachotsa chipande mu nsomba n'kuvundulira mphodza za amasiyewo. Mayi Pramila, wamkulu wa onsewo, anaona ndi maso awo. Anakankha mbale.

"Sitidya. Ngakhale aphikenso, za m'manja mwake ayi."

"Mayi, nanga nthochi?" ndinatero.

"Nthochi dzulo, nthochi dzana. Ndine nyani ine?" Mayiwa amadwala shuga, sangakhalitse ndi njala. Kenako anatembenuka. "Haradhan, mwana wanga, uli apo?"

Ndinakwiya, sindinama. Munthu wagula mpando ngati wina aliyense! Ndinapita kwa abwana kuti tidikire maola awiri. Anandilozera anthu makumi anayi atakwera kale, wina akuchita kuliza hutala wanga. "Chipata cha kunsanjako amatseka dzuwa likamalowa, ndipo tikabwerako tikunyamuka wa ku Haridwar. Ukuti ndichite chiyani ine?" Ndinabwerera kwa Haradhan.

Jharna anagwira mkono wa mwamuna wake. "Bambo a Tuki, musatero. Mwaphikira anthu zaka zonsezi. Lero lokha, chonde."

Haradhan anayang'ana basi, anayang'ananso mayi Pramila. Anavula malaya oyera aja, kuwapinda, n'kupatsa mkazi wake. "Bimal, bweretsa mphika umene sunaukhudze. Iwe Jharna, pita ukaione nsanjayo."

"Ndikaione ndekha kuti ndikatani nayo?" Jharna anakhala pansi n'kuyamba kusenda mbatata.

"Alamu, mumuuzenso," ndinatero. Sanadzutse n'komwe mutu.

Ndinayendetsa basi mtima ukuwawa. Titafika sindinatsike, ndinangokhala pachiwongolero kumadana ndi aliyense wojambula zithunzi. Pobwerera tinapeza amasiye atakhuta, akumusisita Haradhan pamutu n'kumamudalitsa, iye maso ali psuu ndi utsi wa mafuta. Tinakweza mapoto.

Potuluka mumzinda ndinasiya njira yathu dala.

"Kodi wasokera?" anafunsa abwana.

"Ndasokera, bwana."

Pali penapake pamsewu pamene nsanja ija imaonekera pamwamba pa mitengo. Ndinachepetsa liwiro, magalimoto akumbuyo akuliza mahutala, ena akunditukwanira amayi anga.

"Achimwene, kumanzere! Iyo apo!"

Basi yonse inakuwa, zala zikuloza, ngakhale mayi Pramila anaimirira. Haradhan anakanikiza nkhope pawindo. Dzuwa linali litalowa m'fumbi, kunja kuli mbuu. Anayang'anitsitsa nthawi ndithu, kenako anamwetulira.

"Eee! Koma ndi yaitali, Jharna! Kani ndi yowonda chonchi?"

Ndinaona pagalasi langa komwe maso ake analunjika. Unali mlongoti wa mafoni, m'mbali mwa msewu momwemo. Nsanja yeniyeniyo inali kutali kumbuyo kwake, yotuwa m'fumbi, ikubisika kale kuseri kwa nyumba. Zala zinatsika chimodzichimodzi. Jharna anandiyang'ana pagalasi lomwelo. Ndinafuna kubwerera m'mbuyo, koma msewuwo ndi wolowera kumodzi, ndipo wapolisi anali atayamba kale kundiimbira wezulo.

"Ndi yaitali, bambo a Tuki," anatero Jharna.

Ndinapukuta m'maso ndi kolala ya malaya, n'kuponda moto.