Buluku la Atelala

Atelala anali ndi diso. Ukangofika pakhonde pomwe ankasokera, ankakuyang'ana kamodzi n'kudziwa chiuno chako tepi isanakukhudze. Tsiku lonse ankapalasa makina awo akale, mapini ali kukamwa, nthabwala zikutulukira m'mbali. Mabuluku awo ankachapa ndi kusita okha, ati wina angawawonongere mzere.

Atapezeka ndi kachilombo ka HIV pamodzi ndi akazi awo, namwino sanapite m'mbali. Anati ayambe mankhwala tsiku lomwelo, chifukwa kachilomboka kamadya chitetezo cha m'thupi munthu akuonekabe wonenepa. Mayiwo analandira botolo lawo. Atelala anaseka n'kudzisisita pamimba.

"Asisi, mankhwala ndi a odwala. Buluku ili likadzayamba kugwa, ndidzabwera ndekha."

Kunyumba nyimbo inali yomweyo. Mayi akameza piritsi lawo ankafunsa, "Bambo a ana, kodi mukudikira chiyani?"

"Taonani nokha," ankatero atelala akudzigwira m'chiuno. "Lagwa?"

Silinkagwa. Zaka zinapita, masaya anayamba kulowa, chifuwa chinakhala chosatha, koma buluku lili nga nga nga m'chiuno. Mayi ankachita mantha, kenako n'kumadzitonthoza kuti mwina ndi maso awo. Ndipotu munthu ungakangane bwanji ndi telala pa nkhani ya chiuno?

Tsiku limene atelala anagwa pamakina, anachita kuwanyamula kupita nawo kuchipatala. Mankhwala aja anayamba kumwa ali chigonere, thupi litatha kale. Sanabwerereko.

Maliro atatha, mayi anakhala pansi kuti apinde zovala za amuna awo. Atatembenuza buluku lija, anapeza kumbuyo kwake misoko yondondozana, wina pambali pa unzake, ulusi wake wofanana ndendende ndi nsalu. Inali ntchito yaudongo, yosaoneka kunja, yomwe atelala ankatchuka nayo. Thupi likaphwa pang'ono, iwo ankabweza chiuno pamakina, madzulo n'kubwera kudzafunsa ngati lagwa.

Mayi sanalire. Chinawagwira ndi mkwiyo, woti munthu wa luso lotere n'kulithera posoka bodza, bodza lonamiza mkazi amene ankawapempha m'mawa uliwonse kuti akhale ndi moyo.

Anatenga lezala n'kuyamba kusomola misokoyo umodziumodzi. Nsalu yobisika ija inatambasuka mpaka chinabwerera chiuno cha mwamuna amene anawakwatira. Analikweza m'mwamba ndi manja awiri n'kuliyang'ana. Bulukulo likanagwa kalekale.